Mulungu Sanamdzudzule Eliya

 Tsegulani nane buku la 1 Mafumu, mutu 19.

Pamenepo tikupeza mneneri Eliya akuthawa Yezebeli. Anasiya mnyamata wake ku Beereseba, nayenda yekha tsiku lathunthu m'chipululu, nakhala pansi pa mtengo, napempha kuti afe. Ameneyu ndi munthu yemwe anali atangoona moto wochokera kumwamba pa phiri la Karimeli. Kodi Mulungu anamuyankha bwanji? Sanamunene kuti ndi wopanda chikhulupiriro. Anamulola kugona, namutumizira mngelo ndi mkate ndi madzi kawiri konse. Pa phiri la Horebu anamufunsa chimene chinamubweretsa, namumvetsera mpaka anatsiriza. Pambuyo pake anamupatsa Elisa kuti asayendenso yekha.

Abale anga, m'nyumba zathu za ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, kumene ana ndi zidzukulu za Amalawi akhala kwa zaka zambiri, muli ana amene akhala pansi pa mtengo umenewu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likunena kuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo. Mtsikana wasiya kudya, tulo sakupeza. Mnyamata walephera mayeso, ntchito kulibe, wayamba kusuta mutoriro. Ife timati chiyani? Timati ndi ulesi, kapena walodzedwa, kapena ali ndi chiwanda. Ena timamutsekera m'nyumba poopa kuti anansi anena kuti kwathu kuli wamisala. Mwanayo akaona manyazi athu amatseka pakamwa, ndipo bala limakulira m'kati.

Anzathu Achishona ali ndi mawu akuti kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira muyeso. M'chaka cha 2006, dokotala wa matenda a m'maganizo, Dixon Chibanda, anayamba ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare. Anaika benchi la matabwa pabwalo la chipatala, naphunzitsa agogo aakazi 14 kumvetsera munthu wovutika, kumuthandiza kutchula mavuto ake limodzilimodzi, ndi kusankha limene angayambe kulithetsa. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anatsata anthu 573 m'zipatala 24 za mu Harare. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi ndi agogo, pafupifupi 14 pa 100 ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pamene mwa enawo anali pafupifupi 50 pa 100. Ntchitoyi inafikanso kwa achinyamata, ndipo ophunzira a ku yunivesite anaphunzitsidwa kukhala pa benchi ndi anzawo a msinkhu wawo.

Taonani, agogo amenewa akuchita chimene Mulungu anachitira Eliya: kufunsa, kumvetsera, ndi kusamusiya munthu yekha. Ngati benchi la pachipatala likutha kutero, nanga mabenchi a m'tchalitchi mwathu alephera bwanji?

Inu makolo, mwana akasintha khalidwe, khalani naye pansi musanatenge chikoti. Akanena kuti watopa ndi moyo, musaseke ndipo musamukalipire. Musamusiye yekha, ndipo tsiku lomwelo mupite naye kuchipatala. Inu abusa ndi akulu a mpingo, mupempherereni, kenako mumuperekeze kwa a zaumoyo. Wodwala malungo timamupempherera ndi kumupatsa mankhwala, ndipo palibe amene amati tachepetsa mphamvu ya Mulungu. Mutu nawonso ndi chiwalo chimene Iye analenga.

Ndipo iwe mwana wanga amene ukundimvera uli wekha usiku uno, Eliya ankaganiza kuti watsala yekha, koma panali ena 7,000. Kudwala kwako si tchimo. Kukacha, uza munthu mmodzi amene umamukhulupirira.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene munadyetsa mtumiki wanu m'chipululu, dzutsani ana athu amene alefuka. Tikhululukireni mayina oipa amene tawapatsa, ndipo mutipatse makutu akumva. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.