MAU A ZAUMOYO: MMERO UKACEPA, CITHANDIZO CIRIPO

Anthu ambiri m'midzi amati munthu akayamba kutsamwa nsima ndiye kuti walodzedwa. Koma madotolo acidziwa cimene cimacititsa bvutoli.

Mmero ndiyo njira imene cakudya cimadzera popita m'mimba, ndipo mwa munthu wamkulu utali wake ndi masentimita 25. Njirayi ikapsa mkati, cilonda cimapola nkusiya cipsera, ndipo cipseraco cimakoka mmero nkuucepetsa. Mpata ukacepera mamilimita 13, nsima ndi nyama zimayamba kukana. Pambuyo pake phala nalo limakana, kenaka madzi omwe.

Mwa ana, cimene cimatentha mmero kawiri-kawiri ndi soda waukali uja wopangira sopo, amene mwana amamwa poyesa madzi. Mwa akulu ndi cilungulira ca zaka zambiri, pamene asidi wa m'mimba amabwerera kummero.

Kacizidwe kake nkotere. Wodwala sadya kanthu maora 6. Dotolo amampatsa mankhwala oti aodzere, koma ana amagonekedwa tulo. Kenaka amalowetsa pakamwa kapaipi kofewa kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga. Akafika pothinapo amapisapo baluni yaitali yosafufuma, naipopa ndi madzi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Baluniyo imakankha cipsera mbali zonse, mpata nkukula. Palibe kung'amba thupi ndi mpeni ai.

Nchitoyi siifuna phuma, cifukwa mmero ukakakamizidwa ungang'ambike. Cotero ambiri amauzidwa kubweranso kangapo, pakapita mlungu umodzi kapena iwiri. Wolekera panjira, mmero wake ungathinenso. Kunyumba wodwala ayambe ndi madzi ndi phala. Akamva kupweteka kwambiri m'cifuwa, kutentha thupi, kubanika kapena kusanza magazi, abwerere kucipatala tsiku lomwelo.

Baluni siiciza khansa ya kummero, nthenda imene yafala m'Malawi kuposa m'maiko ambiri. Motero munthu wamkulu amene akutsamwa ndi kuonda asazengereze. Apite kucipatala ca pafupi kuti amtumize kukapimidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Amai opanga sopo asasunge soda m'botolo la zakumwa, ndipo amuike posafika ana. Mwana akamumwa asamsanzitse, popeza sodayo amatenthanso mmero pobwerera, koma athamange naye kucipatala. Aphunzitsi ndi mafumu afikitse mau awa kwa onse amene sadziwa kuwerenga.