Oyimba a ku America Amene Mbiri Inawalambalala

Pa mgodi si onse okumba mwala amene maina ao amveka kumwamba. Momwemonso m'nyimbo za rock za ku America muli magulu amene anagwira nchito yaikuru koma anaiwalika msanga.

Loyamba ndi Fanny, gulu la akazi anai. June ndi Jean Millington, munthu ndi mng'ono wace, anabadwira ku Philippines nasamukira ku California m'caka ca 1961. Mu 1971 nyimbo yao "Charity Ball" inalowa m'gulu la nyimbo 40 zochuka koposa. Koma ambiri sanakhulupirire kuti akazi angalize gitala mwamphamvu cotero, ndipo gululo linatha mu 1975.

Laciwiri ndi Angel, la ku Washington, limene linayamba mu 1975. Anyamatawa anali kubvala zoyera zokhazokha, koma anaphimbika ndi Kiss, anzao a pa kampani imodzi ya Casablanca, amene anali kubvala zakuda.

Lacitatu ndi Kix, la ku Hagerstown m'dera la Maryland. Atabvutika zaka zambiri m'nyumba za mowa, mu 1989 nyimbo yao "Don't Close Your Eyes", yodandaulira munthu kuti asadziphe, inafika pa nambala 11. Posacedwa nyimbo za grunge zocokera ku Seattle zinawalanda omvera. Anatsazika komariza mu 2023.

Iwo amene akumbukira Amanaz ya ku Kitwe sadzaona cilendo m'kulira kwa magitala amenewa. Nyimbozi zikalipo, zingodikira khutu.