Mlangizi wa Pantchito: Phunziro Lochokera ku Domasi

Omvera amene adayendapo pa mseu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde akudziŵa bwino Domasi, kumene mtsinje wa dzina lomwelo umatsika m'phiri kuloŵera ku Nyanja ya Chilwa. Dera limeneli lidatchuka ndi maphunziro. M'chaka cha 1929 boma la atsamunda lidatsegulako sukulu yotchedwa Jeanes Training Centre, ndipo njira imene sukuluyo inkatsata ndiyo ikuyenera kukumbukiridwa lero pokamba za ngozi za m'mafakitale.

Ku Jeanes sankaitana akatswiri a kutali kuti aziyendayenda m'midzi. Ankatenga mphunzitsi wodziŵika kale kwao, pamodzi ndi mkazi wake, nkuŵaphunzitsa za ukhondo, ulimi ndi kaphunzitsidwe kabwino. Akatsiriza ankabwerera kwao kukalangiza anzao. Ngakhale mafumu ankapitako kukachita maphunziro. Nzeru yake inali yakuti munthu amamvera msanga mnzake amene amamwa naye madzi a chitsime chimodzi.

Masiku ano anyamata ndi atsikana ambiri a m'chigwa cha Domasi akamaliza sukulu amakafuna ntchito m'makampani aakulu: m'mafakitale a ku Blantyre, kokonza fodya ku Kanengo, kapena ku minda ya nzimbe ku Nchalo, kumene adayamba kupanga shuga mu 1966, ndi ku Dwangwa kumene fakitale idatsegulidwa mu 1979. Munthu amene adazoloŵera khasu ndi chikwakwa chomwetera mpunga amapezeka mwadzidzidzi pakati pa malamba othamanga, magetsi amphamvu, nthunzi yotentha ndi mankhwala oŵaula khungu. Makina alibe chisoni, sadziŵa kuti uyu wafika dzulo.

Malamulo alipo. Lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro pantchito lidapereka kwa olemba ntchito udindo wophunzitsa antchito ao za zoopsa zimene zili pamalopo. Lamulo la 2000 lidalongosola za chipukutamisozi cha wovulala pantchito, ndipo mu 2019 dziko la Malaŵi lidavomereza mapangano a bungwe la ILO okhudza chitetezo ndi umoyo pantchito. Koma chipukutamisozi sichimeretsa chala chimene chaduka. Oyendera mafakitale ochokera ku Unduna wa Zantchito amafika lero nkupita, pamene ngozi imabwera pakati pa usiku, anthu atatopa, kapitawo akufulumiza ntchito.

Nchifukwa chake makampani aakulu m'maiko ambiri amasankha ena mwa antchito ao omwe, nkuŵaphunzitsa kuti akhale alangizi a anzao. Katswiri wochokera kunja amabwera ndi mabuku a Chingerezi, amalankhula masiku aŵiri, amalandira malipiro ake, basi. Mlangizi wa pomwepo amalankhula Chicheŵa, Chiyao kapena Chisena. Amadziŵa makina amene amakonda kuuma, khomo limene pamaterera mvula ikagwa, ndiponso chifukwa chenicheni chimene anzake amavulira magolovesi ndi zipewa zolimba nyengo yotentha. Amaphunzitsa moonetsa ndi manja: kuzimitsa magetsi ndi kukhoma loko pa switchi asanaloŵetse dzanja m'makina, nkusunga kiyi m'thumba mwake kuti wina asayatse mosadziŵa, kunyamula katundu popinda mawondo m'malo mwa msana, kukanena msanga za ngozi imene yangotsala pang'ono kuchitika, ngakhale palibe wavulala. Mfundo yomalizayi ndiyo yovuta kuizoloŵera, chifukwa wantchito amaopa kuti akanena adzamutcha wosasamala. Pamenepo mlangizi amamkumbutsa za akuluakulu aja, kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

M'makampani a nzimbe ndi fodya muli vuto lina. Chaka chilichonse kumabwera antchito atsopano a nyengo yokolola yokha, ndipo maphunziro a chaka chatha amapita ndi anthu a chaka chatha. Amene angayambirenso ndi gulu lililonse latsopano ndi mlangizi wokhala pomwepo.

Komabe njirayi imafa mosavuta. Ngati mlangizi apatsidwa satifiketi yokha, osapatsidwa nthaŵi yophunzitsira kapena mphamvu zoimitsa makina oopsa, anzake amaona msanga kuti mau ake ndi opanda pake. Ngatinso bwana mwini aloŵa m'fakitale mutu uli pamtunda, phunziro la mwezi wathunthu limatha tsiku lomwelo.

Ndipo nkhaniyi si ya makampani aakulu okha. Pa zigayo za chimanga ndi mpunga zimene zili m'misika ya m'chigwa cha Domasi, lamba wosatchingidwa akhoza kukoka chitenje cha mayi amene waŵerama kuti awole ufa. Pamenepo mlangizi ndi wogayitsa wamkulu, ndipo mnyamata womthandiza ayenera kuonetsedwa pozimitsira injini tsiku loyamba, asanakhudze thumba ngakhale limodzi.