Mwana Asatsale Pakhomo Kulonda Kanema

A Gulupu, mafumu onse, a komiti ya sukulu, amayi a Mother Group, adada ndi amama, yewo chomene pobwera ngakhale ntchito ya kumadimba yakula. Ine ndilankhula m'Chichewa; pomwe sipakumveka kwezani dzanja, alembi a komiti amasulira.

Ndabwera ndi nkhani imodzi. Sukulu zikutsekulidwa mu Sepitembala, ndipo pofika Lachisanu la sabata yamawa, mudzi uliwonse wa pansi pa a Gulupu ukhale utapereka kaundula wa ana onse aulumali a zaka 6 kupita m'tsogolo. Mayinawo apita kwa a PEA, mlangizi wa maphunziro m'zoni yathu, ndipo tidzakuuzani tsiku la sikilining'i, ndiko kuunika ana, ku likulu la zoni la TDC. Mwana akaunikidwa, alembedwe sukulu. Cholinga chathu m'zoni ino n'chakuti pasatsale mwana ngakhale mmodzi pakhomo.

Ndifunse mwachidule. Mwana wosamva kapena wovutika kuyenda, m'mawa anzake akanyamula makope, iye amakhala kuti? Pakhomo. Amatani? Eya, amama anena zoona: kulonda nyumba ndi kuonera kanema. Ndimayembekezera yankho lomwelo, tipitirire.

Kuno ku Mzimba kanema si chinthu chachilendo. Ana athu a ku Joni anatumiza masikilini, masola ndi madishi, ndipo pa Jenda, pa Embangweni ndi ku Boma nyumba za vidiyo zimadzaza mpira ukamaseweredwa. Television Malawi itayamba mu 1999, kanema inali ya anthu a m'tauni. Lero yafika m'nyumba za udzu. Ine sindidana nayo. Madzulo ano mukatsekula nkhani pa MBC TV, yang'anani pakona pa sikilini. Muona munthu akuyendetsa manja, nkhope ikusinthasintha. Ameneyo akumasulira nkhani yonse m'chinenero chamanja, kuti Mmalawi wosamva adziwe zomwe zanenedwa ku Nyumba ya Malamulo nthawi imodzi ndi inu. Chinenerocho chili ndi mawu ake ndi malamulo ake, ndipo chimaphunziridwa ngati Chitumbuka kapena Chingerezi.

Tsono mvetsetsani apa. Ndinalowa m'nyumba ina kuno kummwera, ndinapeza mtsikana wa zaka ngati 10 atakhala pamphasa, mphuno pafupi kugunda sikilini. Womasulira uja atatulukira, mwanayo anayamba kumutsanzira ndi zala zake, maso ali gwa, koma tanthauzo osalidziwa. Manja anali okonzeka, mutu unali wokonzeka, womuphunzitsa ndiye panalibe. Kanema inamuonetsa kuti chinenero chake chilipo, koma kanema siingamufunse funso, siingamukonze akalakwitsa, siingamuchongere kope.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wina wake, ndipo anthu achialubino anakwana 134,636. Ndiye mfumu ikadzandibweretsera pepala lopanda dzina, ndidzadziwa kuti ana abisidwa. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, ndipo lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 likuletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, kusukulu komwe.

Ndikuchenjezeni, chifukwa taona zambiri. Ulendo wina tinalemba mayina, tsiku lounika litafika panabwera ana ochepa okha. Ena anatsekeredwa m'nyumba poopa manyazi. Kwina mwana wa khunyu anagwa m'kalasi, makolo a anzake n'kuuza ana awo kuti asamukhudze. Khunyu sapatsirana, ndipo mankhwala ake ali kuchipatala. Mwanayo anasiya sukulu, ndipo tsiku lina ali yekha pakhomo anagwera pamoto. Kwina mwana ankatuluka mafinya m'khutu chaka chathunthu, akulu n'kumathiramo mankhwala azitsamba, mpaka khutu linagontha. Ndipo mukukumbukira 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, maphunziro anapita pa wailesi. Mwana wosamva anapindulapo chiyani? Palibe. Zoopsa kwambiri, mtsikana wosalankhula wosiyidwa yekha tsiku lonse ndi amene anthu oipa amamufuna, podziwa kuti sakanena. Musadzati sitinakuuzeni.

Mwati bwanji adada kumbuyoko? Imani, onse amve.

Mwamva. Adada akuti mphunzitsi wa pano ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, chinenero chamanja sachidziwa, ndiye mwana wosamva akakhala ngati chitsa. Bola azikaweta ng'ombe. Akutinso anthu ena anabwera, anajambula ana zithunzi, analonjeza njinga za olumala, mpaka lero zii.

Adada, sindikutsutsani. Za njingazo zinandiwawa inenso, ndipo n'chifukwa chake lero sindikulonjeza njinga, ndalama kapena ufa. Za kalasi yodzaza ndi zoona. Koma ndikufunseni: ng'ombezo zikadzagulitsidwa pamsika, mwana wosadziwa kuwerenga adzadziwa bwanji kuti am'bera? Akadzadwala, adzauza bwanji adokotala pomwe pakupweteka?

Ife a kuno tili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Ku Embangweni, pamishoni ya Loudon, Sinodi ya Livingstonia inatsekula sukulu ya ana osamva mu 1994. Ana amagonera komweko, amaphunzira chinenero chamanja, kuwerenga ndi ntchito zamanja. Ku Ekwendeni kuli malo ophunzitsira ana osaona zilembo za Braille. Aphunzitsi apadera amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Koma malo m'sukulu zimenezi ndi ochepa, ndipo khomo lolowera ndi sikilining'i yomwe ndikunenayi. Wounika ndi amene adzanene kuti uyu apite ku Embangweni, uyu akaonane ndi adokotala ku chipatala cha Mzimba, uyu aphunzire pompano.

Ndipo ambiri ndi ophunzira pompano, adada. Mwana amene amamva pang'ono akhale kutsogolo, mphunzitsi azilankhula atamuyang'ana, asamalankhule nkhope ili kubolodi. Mwana wachialubino akhale pafupi ndi bolodi, alemberedwe zilembo zikuluzikulu, aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali. Zimenezi sizifuna ndalama. Mwati chimbudzi? Eya, apo mwalasa. Mwana wokwawa sangalowe m'chimbudzi chonyowa ndi manja omwe akadyere phala. A komiti, mukamakonza pulani ya ndalama zotukulira sukulu za SIG chaka chino, ikanimo chimbudzi chimodzi cha khomo lalikulu, chokhala ndi chogwirira ndi pokhalira, komanso malo otsetsereka olowera m'kalasi. Njerwa tiumba tokha, mchenga uli kudambo. Adada, popeza nkhaniyi mwaiyambitsa ndinu, ndikupempha a Gulupu kuti mukhale nawo m'gulu loyang'anira ntchitoyo.

Kanemayo musaizimitse. Nthawi ya nkhani khalani naye mwanayo, muloze womasulira uja, mumuonetse kuti pali akuluakulu amene amalankhula ngati iye. Koma kukacha, kanema itsekedwe, mwana asambe, apite ndi anzake.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amayi a Mother Group, yendani khomo ndi khomo kuyambira mawa. Mafumu, mapepala ndawasiya kwa alembi. Lachisanu la sabata yamawa ndidzafika pano m'mawa kudzatenga mayina, ndipo ndikupempha kuti dzina la mwana aliyense likhalemo.