Dzanja Limodzi la Unga pa Khomo Lililonse

Chilala sichithera kumunda. Mu 1992 tinadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitapserera. Ife a mu Kanyama, Chawama ndi George tinachionera pa mtengo wa unga. Abale a ku Petauke amene kale ankatitumizira matumba a chimanga anayamba kutitumizira ana.

Tsono tikupempha chinthu chaching'ono. Pophika nsima, tizipatula dzanja limodzi la unga. Loweruka amayi a Chigwirizano azizungulira m'dera lawo kusonkhanitsa ungawo, pamodzi ndi nyemba, kapenta ndi mchere. Zonse zizilembedwa m'buku pamaso pa anthu awiri, pakuti manong'onong'o amapha ntchito yotere msanga.

Atumiki akuwadziwa makomo amene akugonera pamela mmodzi: agogo olera ana amasiye, odwala amene akumwa mankhwala m'mimba mulibe kanthu. Chonde tisawaimike pamzere pabwalo la tchalitchi, anthu akuwaona. Tiwapititsire chakudyacho kunyumba madzulo, ndipo tisawafunse ngati ndi a Reformed.