MBEŴA ZOIŴALA NDI MBEŴA ZOKUMBUKA

Nkhani yathu ya lero ndi ya mbeŵa. Komatu sitikunena kapuku amene anyamata amakumba m'minda anthu akatha kukolola ayi. Tikunena mbeŵa zimene akatswiri a sayansi amaŵeta m'timakola taukhondo ku Ulaya ndi ku America, pofuna kudziŵa chimene chimachititsa kuti nkhalamba zina zitaye nzeru pamene zinzawo zili gwa.

Mu 1906 dokotala wina wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokozera madokotala anzake za mayi amene anagonekedwa m'chipatala ku Frankfurt mu 1901, ali ndi zaka 51. Mayiyo ankaiŵala zimene wangouzidwa kumene, ndipo mau ankamthaŵa pakamwa. Atamwalira, dokotalayo anapima ubongo wake napezamo timibulu tomata pakati pa maselo, ndi tiulusi topotana m'kati mwa maselowo. Timibuluto lero amati amyloid, tiulusito amati tau, ndipo nthendayo inatenga dzina la dokotalayo. Kwathu kuno gogo wodwala chonchi akasochera usiku napezeka pakhomo pa eni, ena amathamangira kunena kuti mfiti yagwa m'lichero. Chonsecho munthuyo ubongo wake ukudwala, monga umo udwalira mtima kapena chiŵindi.

Kodi nthendayi nja kumtundu? Chibadwa chimene mwana amatengera kwa makolo chimakhala m'maselo ake, m'tizigawo totchedwa majini. Musasokoneze ndi majini a mizimu aja. Dzina nlimodzi, koma zinthuzo nzotalikirana. Mu 1991 akatswiri a ku London anapeza jini yolakwika m'banja lina limene anthu ake ankadwala nthendayi asanakalambe, ndipo mu 1995 akatswiri ena anapezanso majini ena aŵiri. Mabanja otere ngoŵerengeka: pa odwala 100 alionse, safika ndi mmodzi yemwe. Komabe iwo ndiwo anatsegula njira.

Mbeŵa payokha sidwala nthenda ya Alzheimer. Tsono akatswiri anatenga jini yolakwika ya munthu naiika m'dzira la mbeŵa, kuti ana obadwawo akule nayo. Mu 1996 Karen Hsiao wa ku University of Minnesota anasonyeza mbeŵa zotere zikuyamba kuiŵala pa miyezi 9 kapena 10. Mu 2006 ku Northwestern University anapanga mtundu wina, 5XFAD, wosenza zolakwika zisanu pamodzi, umene timibulu tija timayamba kuoneka mu ubongo wake pa miyezi iŵiri yokha.

Mwina wina afunsa kuti, kodi mbeŵa ungaifunse bwanji ngati ikukumbuka? Njira ina anaitulukira Richard Morris ku Scotland mu 1981. Amadzaza beseni lalikulu ndi madzi oyeretsedwa ngati mkaka, nabisa kathabwa pansi pang'ono pa madziwo. Mbeŵa imasambira uku ndi uku kufikira itaponda pa kathabwa. Pakapita masiku oŵerengeka, mbeŵa yabwinobwino imangolunjika pomwepo. Yodwala imazungulirabe ngati mlendo. Njira yachiŵiri nja bokosi. Mbeŵa ikaloŵamo amaithethetsa mapazi pang'ono ndi magetsi. M'maŵa mwake akaibwezeramo, yokumbuka imangoti zii, osagwedezeka, podikira zoŵaŵa zadzulo; yoiŵala imanunkhiza m'makona mosatekeseka.

Apa mpamene pagona nkhani. Kwa zaka zambiri mbeŵa za m'kafukufuku zinali za mtundu umodzi, zokwatitsidwa pachibale kwa mibadwo yoposa 20, mwakuti zonse zinali ngati mapasa. Kuphunzira nthenda pa mbeŵa zotere kuli ngati kuyesa mbeu ya chimanga m'munda umodzi wokha, nkumati wadziŵa mmene idzachitire dziko lonse. Mu 2019 Catherine Kaczorowski ndi anzake a ku Jackson Laboratory, ku Maine m'dziko la America, anaulutsa zimene anapeza atakwatitsa mbeŵa za 5XFAD ku mabanja a mbeŵa oposa 20 a chibadwa chosiyanasiyana. Ana amene anawasankha onse anali ndi zolakwika zisanu zomwe zija, chakudya chimodzi, makola ofanana. Koma powayesa pa miyezi 6 ndi pa miyezi 14, mabanja ena anali ataiŵala kale akali aang'ono, pamene ena ankakumbukabe bwino atakula. Ndiponso kuchuluka kwa amyloid mu ubongo sikunkayendera limodzi ndi kuiŵala. Chimene chinasiyanitsa mbeŵazo ndi majini ena onse amene jini yodwalitsa inawapeza m'thupimo. Chodabwitsa china nchakuti mtundu umene akatswiri anaudalira zaka zonsezo, C57BL/6J, unapezeka kuti ngwopirira nthendayi. Ine ndiona kuti apa mbeŵa zinawaphunzitsa ulemu eni ake.

Mwa anthu zoterezi ziliko. Ku Antioquia, m'dziko la Colombia, kuli fuko lalikulu limene Dr Francisco Lopera analifufuza kwa zaka zambiri. Obadwa ndi jini yolakwika m'fukolo amayamba kuiŵala ali ndi zaka pafupifupi 44. Koma mu 2019 kunamveka za mayi wina wa fuko lomwelo amene anapitirira zaka 70 nzeru zili bwino, ngakhale kuti ubongo wake unali wodzaza ndi amyloid. Anali atalandira kwa bambo ndi kwa mayi omwe mtundu wosoŵa wa jini ina, APOE, umene amautcha Christchurch. Mu 2023 akatswiri ataika mtundu umenewu mu mbeŵa, anaona kuti tiulusi ta tau sitinafalikire kwambiri.

Tisatengeke nazo msanga. Mbeŵa imakhala zaka ziŵiri kapena zitatu, pamene nthendayi mwa munthu imafuka mwakachetechete zaka 20 isanaonekere. Mu 1999 katemera wina anachotsa amyloid mu mbeŵa, anthu nasangalala. Koma atamyesa pa anthu analekeza mu 2002, chifukwa odwala 6 pa 100 alionse anatupa ubongo. Mankhwala a lecanemab, amene analoledwa ku America mu 2023, amangochedwetsa nthendayo pang'ono, saichiza.

Jini ya APOE ija ili ndi mtundu winanso, APOE4, umene akatswiri a ku Duke University anasonyeza mu 1993 kuti umawonjezera ngozi ya nthendayi. Mwa Azungu, woulandira kwa kholo limodzi ngozi yake imakula katatu, ndipo woulandira kwa makolo onse aŵiri imakula koposa kakhumi. Mtundu umenewu ngwofala mu Africa muno. Koma kafukufuku amene anayamba mu 1992, woyerekeza nkhalamba za Chiyoruba ku Ibadan, ku Nigeria, ndi nkhalamba zachikuda za ku Indianapolis ku America, anapeza kuti ku Ibadan nthendayi njocheperapo, ndipo APOE4 ilibe mphamvu yaikulu chotero. Chakudya ndi kakhalidwe zingakhale ndi mbali yake. Koma mu 2022 akatswiri a ku University of Miami anapezanso kachigawo ka chibadwa, kopezeka mwa anthu a makolo a mu Africa, kamene kamafooketsa APOE4 mwa amene anailandira kwa makolo onse aŵiri.