Masewera a pa kompyuta ndi nkhani ya wotchi



Mwandipempha kuti ndinenepo za makompyuta aja tinasonkhera ana pa sukulu yathuyi. Ena ali ndi Windows, ena Linux, ndipo angapo ndi okalamba ndithu. Kodi mwana angalembe masewera oti ayende pa onsewa?

Angathe. Mu 1998 Sam Lantinga anatulutsa SDL, nkhokwe yaulere ya zida zolembera masewera. Mwana amangolamula m'chinenero cha C kuti "jambula apa", ndipo SDL ndiyo imakambirana ndi makina alionse monga mwa chikhalidwe chake.

Koma pagona nkhani ndi pa nthawi. M'kasewero kanga koyamba, mpira unkasuntha kadontho kamodzi pulogalamu ikazungulira kamodzi. Kwathu unkayenda bwino. Nditakayesa pa kompyuta yamphamvu ya mnzanga, mpira unangodutsa ngati mphezi, osauona n'komwe. Manyazi ake! Mankhwala ake ndi kufunsa wotchi. SDL_GetTicks imakuuzani mamilisekondi amene apita. Ngati mpira uyenera kuyenda madontho 100 pa sekondi, ndipo papita mamilisekondi 20, musunthe madontho 2 basi. Apo kompyuta yothamanga ndi yochedwa zimafika limodzi.

Chithunzinso chiyambe chajambulidwa kuseri, chikatha chionetsedwe kamodzi. Kupanda kutero chimaphethira.

Pempho langa, a Wapampando, ndi lakuti makompyuta okalambawo tisawataye. Ine ndizibwera Loweruka lililonse teremu ikubwerayi kudzaphunzitsa anawa, a Hedi akalola.